Griffin Sabatizidwa Kawiri

Mwana wanga Dingani anabwera kuchokera ku Joni kudzavundukula chiliza cha bambo ake, ndipo chinthu choyamba chimene anakana m'nyumba mwanga chinali tiyi. Mtonga kukana tiyi! Ndinali nditathira mkaka wambiri monga ankakondera ali mwana, iye anangokankhira kapu pakati pa tebulo.

"Ama, tiyi ndinasiya."

"Wakupeza shuga?"

"Ayi. Mpingo wathu sulola."

"Mpingo wathu uti? Ine ndakalambira m'bungwe la amayi la Umanyano, abusa athu a Mliska akabwera muno amamwa mpaka kuwonjezera. Lamulo limenelo latuluka liti?"

Apo m'pamene anandiuza kuti ku Joni analowa mpingo wina, umene anthu amautcha wa Amomoni. Dzina lake lenileni ndi lalitali, analitchula lonse, ine ndinangogwirapo la Ambuye. Sindinakuwe. Ana athu akapita ku Joni amabwera ndi zambiri, wina ndolo, wina mkazi wosamva chinenero, wina matenda. Ndinati mumtima bola uyu wabwera ndi mpingo, mowa sakumwa, thupi lasalala. Mipingo pano pa Chintheche ndi yambiri kuposa zigayo.

Koma sanathere pomwepo. Anasendeza mpando n'kundigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikulireni.

"Ama, ndili ndi pempho. Ku Joni kuli kachisi wathu. M'kachisimo munthu wamoyo amatha kulowa m'madzi n'kubatizidwa m'malo mwa mbale wake amene anamwalira. Ndikufuna ndikabatizidwe m'dzina la Ada."

Ndinachotsa dzanja langa.

"Ada ako ati?"

"Ada. A Griffin Mhone."

"Amene anabatizidwa ku mishoni ya Bandawe ali khanda? Amene anakhala mkulu wa mpingo mpaka miyendo kuwakana? Amenewo asanduka akunja tsopano?"

"Sindikuti ndi akunja. Kumene aliko akhoza kulandira kapena kukana, palibe wowakakamiza. Ndipo mpingo sundiletsa kuchita ndekha, poti ndine mwana wawo. Koma sindifuna kuchitira kumbali. Ndikufuna inu munene kuti eya."

"Ndiye za ku Bandawe zija zinali chiyani? Kusukusula?"

Ndinatenga tiyi uja n'kumwa ndili chiimire, ngakhale anandiwotcha lilime.

Griffin anatisiya dzinja lathali. Dingani pamaliro sanabwere. Mapepala ake anali atatha, akanatuluka sakanabwereranso ku ntchito, ndiye maliro a bambo ake anawaonera pa foni, mlongo wake Hannah akumujambulira kuno. Ine sindinamuimbe mlandu. Chiliza anamanga ndi iyeyo, chamatailosi akuda, chachitali kuposa zonse kumanda kwa a Mhone. Ndinkayembekeza kuti akadzachotsa nsalu ndi manja ake, mtima wake udzakhala pansi, wanganso udzakhala pansi. Sindinadziwe kuti wabwera kudzanditengera mwamuna.

M'mawa mwake Dingani anapita ku Chintheche kukagula nsalu yoyera yophimbira chiliza. Ine ndinali kuyanika chinangwa pa thandala pamene anafika a Mliska Thole, mbusa wathu, kudzakonza za mwambo wa mawa lake. Anabwera ndi a Ignatius Makwinja, mphunzitsi wa ku sekondale wochokera ku Mulanje, amene ndi mkulu wa mpingo kuno. Tinakhala pansi pa mango. Asanayambe za nyimbo ndi za amene adzapemphere, ine ndinakhuthula zonse.

A Makwinja anavula magalasi.

"Amomoni? Mayi, anthu amenewa mukuwadziwa?"

"Ndiwadziwire kuti? Ndangomva kuti samwa tiyi ndipo amabatiza mitembo."

"Tiyiyo ndi nkhani yaing'ono. Mpaka chaka cha 1978, munthu wakuda mu mpingo umenewo sankaloledwa unsembe. Miyambo ikuluikulu ya m'makachisi awo, ngakhale ya ukwati, wakuda sankaiyandikira. Atsogoleri awo ena ankaphunzitsa kuti khungu ili," anadzitsina pamkono, "ndi chizindikiro cha temberero."

Chaka anatchulacho ndi chimene Griffin anandikwatira, atangobwera kuchokera ku Joni kumene ankaphikira azungu. Ankandiuza mmene ankalowera khomo lakuseri m'nyumba imene ankaisesa yekha. Mbale yake yachitini inkakhala panja, pafupi ndi ya galu. Ankazinena akuseka, koma mpaka kufa kwake mlendo aliyense kwathu kuno ankalowera khomo lakumaso, ngakhale wogulitsa makala.

"Ada Makwinja, nenani zonse," anatero a Mliska. "Anasintha. Analengeza poyera kuti ziphunzitso zimene zija azikana. Lero ali ndi atsogoleri akuda."

"Kukana ndi kupepesa n'zosiyana, abusa. Munthu akuponde phazi zaka zoposa zana, kenako angosuntha mwendo osanena kanthu, ameneyo wapepesa?"

"Nanga ife? Azungu amene anabweretsa mpingo wathu anadikiritsa agogo athu zaka ndi zaka asanawadzoze ubusa, maphunziro atamaliza kalekale. Ku Joni komweko, mipingo ya banja lathu lomweli inkalalikira tsankho mawu a Mulungu ali m'manja. Anyani sasekana zikundu, Ada."

"Nyani ndani pano, a Mliska?" ndinafunsa. "Griffin?"

"Ayi, Ama NyaManda, sindikutero."

"Ndiye poti tonse tinadetsedwa tizikhala chete?" a Makwinja anakweza mawu. "Zathu tinene, zawo tinenenso. Vuto la ife Akhristu a masiku ano ndi ulemu wonyanya. Tikuopa kukhumudwitsa anthu, ana athu akupita."

"Nenani m'kalasi, nenani pa msonkhano wa akulu, ine ndidzakhala kutsogolo. Ubatizo wa akufa sindiuvomereza, ndipo Dingani ndikhala naye pansi asanabwerere. Koma kunyoza mpingo wa munthu n'kosavuta. Chovuta n'kumusunga munthuyo."

Ine za kalasi sizinandikhudze. Ndinawauza chimene ndinkafuna. Mawa kumanda, anthu onse a kwa Mhone ndi a ku Kande atasonkhana, alalikire za mpingo umenewu, autchule dzina, anene zonse zimene a Makwinja anena. Dingani amve manyazi pamaso pa abale ake, aleke.

A Mliska anapukusa mutu.

"Pamanda ayi. Ama, mukamuchititsa manyazi pagulu mwana ameneyu, simudzamuonanso."

"Ndinamubereka ndine, musandiphunzitse. Kolala mwavalayo ndi yotani, yotchinga chimfine? Nkhosa yanu, mkulu wa mpingo wanu, akufuna kumuba m'manda, inu mukuti ulemu."

"A Mhone palibe angawabe. Ali m'manja mwa Mulungu."

"Ndiye inu ntchito yanu ndi yotani, ngati zonse mwasiyira Mulungu?"

A Makwinja anaseka, a Mliska sanaseke. Anamaliza kusankha nyimbo, anapemphera mwachidule, n'kumapita.

Dingani anabwera masana ndi nsalu ija m'jumbo. Sindinamudikire kuti akhale pansi.

"Unkadziwa?"

"Chiyani, Ama?"

"Kuti anthu akowo ankati ndife otembereredwa."

Anaika jumbo pampando pang'onopang'ono.

"Ndinkadziwa."

Ndinkaganiza kuti akana, kapena adabwa, ine ndimutsegule maso, agwe pansi kulira. Koma ankadziwa. Chimenecho chinandipweteka kuposa zonse.

"Nditamva koyamba ndinasiya kupita kutchalitchi kwa miyezi," anatero. "Zinandiwawa, mpaka lero zimandiwawa. Ndinakafunsa bishopu wathu, munthu wakuda ngati ine, wa ku Congo. Sanabise. Anati zinachitika, zinali zolakwika, zinatha. Ine lero ndine wansembe, Ama, ndi khungu lomweli."

"Anakupatsa atatopa kukukaniza. Nyama imene akupatsa agalu atainunkha, iwe ukuvina nayo."

"Ama, nthawi ija ankathamangitsa alendo ku Joni, akuwotcha zisakasa zathu, ndinaimbira abale athu onse amene ali kumeneko. Aliyense ankathawa ndi moyo wake. Amene anabwera ndi galimoto kudzanditenga ndi bambo wina wa mpingo umenewu. Ndinagona m'chipinda cha ana ake mpaka zinthu zitazizira. Sanandifunse za khungu."

"Ukanamuthokoza ndi nkhuku, osati ndi bambo ako."

Anakhala pansi pakhonde, mutu pakati pa mawondo. Atayankhula, mawu anali aang'ono.

"Ada anaikidwa ine ndili m'chimbudzi cha kuntchito, ndikuonera pa foni kuti bwana asandione. Sindinanyamule bokosi. Sindinaponye ngakhale dothi. Ichi ndi chinthu chimodzi chimene ndingawachitire ndi thupi langali."

"Chiliza wamanga."

"Ndi simenti, Ama."

Mawu amenewo anandilowa, sindinama. Ndinafuna kumusisita mutu. Koma ndinaona Griffin ataima pa khomo lakuseri ndi mbale yake yachitini, akudikira kuti azungu amuuze kuti tsopano wayera, alowe. Dzanja langa linabwerera lokha. Ndinapita kukatembenuza chinangwa.

Kwathu kuno mkazi wamasiye sayankhula pa chiliza. Amakhala pamphasa pakati pa amayi a Umanyano, mutu pansi, za banja amanena ndi amuna. Loweruka m'mawa ndinakhala momwemo, bulauzi yoyera, duku loyera. Anthu anabwera ambiri, ena anachita kukwera matola kuchokera ku Nkhata Bay. Mlamu wanga a Noel, mng'ono wake wa Griffin, anayankhula m'malo mwa banja. Anayamikira Dingani kuti ndi mwana wosaiwala kwawo, anthu anawomba m'manja. A Mliska analalikira za chikumbutso cha olungama. Ndinatchera khutu mpaka ameni. Mpingo uja sanautchule.

Kenako anati, "Tsopano mwana wamwamuna wa malemu abwere achotse nsalu."

Dingani anapita atavala suti yakuda. Anagwada, anagwira ngodya ya nsalu. Ine ndinangozindikira ndaimirira.

"Dikira."

Mayi wina anandikoka chitenje. Ndinamumenya dzanja.

"Ndikudziwa kuti wamasiye sayankhula. Lero ayankhula, poti amene anapatsidwa pakamwa asunga mawu m'thumba. Wagona apayu ndi Griffin Mhone, wakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Anabatizidwa kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana. Mwana wake mukumuwombera m'manjayu walowa mpingo wa Amomoni. Afunseni a Makwinja apo, akuuzani. Mpingo umenewo unkaphunzitsa kuti khungu lathuli ndi temberero. Pamene Griffin ankaimba nyimbo za Mulungu ku Bandawe, iwo akanamuimitsa panja. Lero akuti abwere nalo dzina lake, alimize m'madzi awo, kuti mwina Mulungu amulandire. Moyo wake wonse analowera khomo lakuseri. Kumwambanso akalowere lakuseri?"

Ndinamva a Makwinja akuti "Zoona," koma motsitsa, ngati munthu wotsokomola. Kumbuyo wina anati, "Kodi Amomoni ndi aja a mitala?" wina n'kumuletsa. Hannah anali akulira. A Mliska anayamba kuyenda kubwera kwa ine manja ali m'mwamba, ndipo mayi wina anayambitsa nyimbo kuti andiphimbe. Nyimboyo ndi imene inandipsetsa mtima kwambiri. Ndinakuwa pamwamba pake.

"Amene akuona kuti bambo ake sanabatizidwe mokwanira asakhudze nsalu imeneyo!"

Nyimbo inafera pakamwa. Dingani anandiyang'ana. Ndinkadikira kuti anene kuti Ama ndaleka, kenako akoke nsalu, tonse tilire, zithe. Zinali zosavuta. Mawu awiri okha.

Anatsegula dzanja, nsalu inagwera pomwe inali. Anaimirira, anasasa dothi pa mawondo, n'kukaima kumbuyo kwa anthu onse, pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Tinakhala choncho, wina osayang'ana mnzake, mpaka a Noel anapita n'kuchotsa nsalu okha. Palibe analulutira. Dzina la Griffin linaoneka m'zilembo zagolide, zimene mwana wake anasankha, mwana wakeyo akuonera patali ngati munthu wodutsa.

Kunyumba anthu anadya, koma nkhani inali imodzi. Amayi a Umanyano anagawikana kukhitchini komweko. Ena ankati NyaManda wachita bwino, mipingo yobwerayi yatitolera ana, wina anayenera kunena. Ena ankati zakale ndi zakale, ngati Mulungu amakhululuka ife ndife yani, ndipo mwana wosamwa mowa masiku ano umamupeza kuti. Wina anati mlongo wake ku Lilongwe ali mu mpingo womwewo ndipo ndi anthu abwinobwino. Mnzake anamuyankha kuti ubwino wa munthu suchapa chiphunzitso. Ankakangana akugawa nyama, ndipo palibe mmodzi anapita kukaona kumene Dingani anali.

A Makwinja ndinawapeza akutsuka m'manja kuseri kwa nyumba, akufuna kuzemba.

"Mayi, zimene mwanena zonse n'zoona," anatero akuyang'ana beseni. "Koma ine sindinati mukazinene pamanda."

"Munandipatsa nkhwangwa yakuthwa, lero mukudabwa kuti ndadula? Dzulo pansi pa mango munali mkango. Kumanda ndinakutchulani dzina, munatsokomola."

Anapukuta manja m'thalauza n'kumapita.

Dingani anayenera kukhala nafe mpaka mwezi uthe. Dzuwa lisanapendeke ndinamuona akutuluka m'chipinda ndi chikwama chake. Hannah anamugwira malaya, iye anamunong'oneza kanthu, n'kumusiya. Anabwera pamene ndinakhala pakhonde, anagwada monga tinamulerera, manja pamodzi.

"Ama, ndikupita."

"Wadya?"

"Ndikadya kutsogolo."

Ndinafuna kunena kuti khala. Pakamwa panga panatuluka zina.

"Ndiye wamva?"

"Ndamva. Ndinabwera kudzapempha, mwakana. Sindichita. Pamene muli moyo, dzina la Ada sindipita nalo ku kachisi. Ndikulonjeza."

Mtima wanga unatsika. Ndinati ndapambana. Kenako mawu aja anabwereranso m'khutu.

"Pamene ndili moyo?"

"Eya, Ama."

"Nanga ndikafa?"

Sanali wokwiya, maso ake anali ofiira koma ofatsa. Anayankhula ngati mwana amene akulonjeza mayi ake bulangete la chisanu.

"Mukadzapita ndidzakuchitirani nonse awiri. Ine ndidzalowa m'madzi m'dzina la Ada, mkazi wanga adzalowa m'dzina lanu. Kenako tidzakumangani ukwati wosatha, kuti kumeneko musadzasiyanenso. Mukadzafuna kukana mudzakanira komweko. Koma ine sindingakusiyeni panja."

"Panja! Iwe ndi amene ukuti ine ndili panja?"

"Tsalani bwino, Ama."

Ananyamula chikwama n'kulowera kumsewu. Sindinamuperekeze.

Lamulungu lotsatira ndinatsalira titaweruka, ndinawafunsa a Mliska ngati pali njira yoletsera zimenezi munthu utafa. Anati madzi a ku Joni sangasunthe munthu amene Mulungu anamulandira kale, ndisade nkhawa. Ndinawauza kuti sindinafunse zimenezo. Ndinafunsa ngati pali njira. Anati palibe. Anawonjeza kuti iwo anali atakonza zokacheza ndi Dingani Lolemba, mwina akanamvana. Ndinawauza kuti Lolemba lawolo akalidye ndi mchere.

Mvula yagwa, yatha. Dingani saimba foni kwa ine. Amaimbira Hannah, amafunsa ngati denga likudontha, ngati ndikudya, koma Hannah akati Ama ali pompano, amati ali pa ntchito. Mkazi wake wabereka mwana wamwamuna, ndinamuona pa chithunzi. Kumanda ndimapita kukazula udzu kuzungulira matailosi aja, ndipo sindidziwa choti ndimuuze Griffin. Masiku ena ndimati ndinamuteteza. Masiku ena ndimamva ngati akundifunsa kuti mwana wanga ali kuti, ndipo ndimabwerako msanga.

Zimene ndinanena pamanda sindinabweze, ndipo sindibweza, poti zinali zoona. A Makwinja tsopano amaphunzitsa za Amomoni m'kalasi ya achinyamata, a Mliska amakhala kumbuyo n'kumawonjezera kuti tinene ndi chikondi. Amakangana bwinobwino, akatha amakamwa tiyi limodzi. Iwo sanataye kanthu.

Kale mankhwala a BP ndinkamwa ndikakumbukira, ena ndinkataya kuseri kwa nkhokwe, ndinkati Griffin wapita ndikudikiranji. Tsopano sindiphonya. Tsiku la sikelo ya okalamba ndimakhala woyamba pa benchi kuchipatala, mchere ndinachepetsa, nsomba zokazinga ndinasiya. Anamwino a Anastasia amandiyamikira pamaso pa anzanga, amati onani agogo awa mmene akuukondera moyo. Ine ndimangotambasula mkono kuti andipime.